A Chikuse ndi Lamba wa Bipi

A Meckson Chikuse anafika ku Mzuzu m'chaka cha 1987 kuchokera kwawo ku Dowa, boma litawatumiza kudzakhala mesenjala mu ofesi ina. Ananyamula mafayilo zaka makumi atatu, ndipo tsiku lopuma pantchito anawapatsa wotchi ya pakhoma imene inafa mvula isanathe. Amene anaisankha wotchiyo alipobe, amayenda pa galimoto. Koma izo tizisiye.

Atapuma anakhala telala pakhonde la nyumba yawo ku Chibanja, nkumachepetsa mathalauza a kaunjika ndi kusoka mayunifolomu. Lamulungu ndiwo ankawerenga Mawu kutchalitchi. Kenaka ng'ala inagwa m'maso onse awiri. Choyamba kusowa chinali chiboo cha singano, kenaka mizere ya m'Baibulo, ndipo tsiku lina anawapitirira akazi awo, mayi Eness, pamsewu osawazindikira.

Mwezi wa Juni kuchipatala kunabwera madokotala ochotsa ng'ala, a sabata imodzi yokha. Akachoka, palibe ankadziwa chaka chobweranso. Lamulo lawo linali lakuti munthu asagone pa tebulo la opaleshoni ngati bipi yake yadutsa 160. Lolemba namwino atawamanga a Chikuse lamba woyezera bipi pamkono, makina anaonetsa 192. Anawapatsa mankhwala nkuwabweza. Lachitatu anaonetsa 188. Kunatsala Lachisanu basi.

Masiku amenewo mtima wawo unkagunda ngati injini ya chigayo. Manja ankatuluka thukuta pamene Mzuzu yense anali m'majuzi. Ankadziona ali chikhalire pakhonde zaka zonse zotsala, makina osokera atavindikiridwa ndi chitenje.

Lachinayi kunabwera a Boniface, mkulu wa mpingo, kudzawapempherera. Anapemphera mokuwa mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa, nkumaliza ndi uphungu.

"A Chikuse, mantha ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Mkhristu weniweni bipi simkwera chonchi."

Awa ndi a Boniface omwe aja anakomoka pamzere wa katemera mpingo wonse ukuona. Anthu otere sasowa, ndipo amachoka atadya. A Chikuse anatsala ndi nkhawa ziwiri: kuti akhala akhungu, ndi kuti mwina Mulungu wawayesa nkuwapeza opepuka.

Lachisanu m'mawa mayi Eness anawagwira dzanja kupita kuchipatala. Pabenchi anadikira maola atatu, chifukwa wokalamba m'dziko muno nthawi yake amaiyesa yaulere. Namwino wa tsikulo anali mtsikana wotchedwa Wiza, wolankhula mosakaniza ndi Chitumbuka.

"Mwawuka uli, adada? Mwabweraso? Mukutikonda chomene."

"Ndikanakhala ndi maso bwenzi nditakuthawani," anayankha a Chikuse.

Wiza anamanga lamba nkudina batani. Lamba litayamba kufinya, iye sanayang'ane makina ngati anzake aja, anayang'ana nkhope ya wodwala. Masaya anali atafufuma, mitsempha ya pakhosi itaima, mapewa ali m'makutu. Makina anaonetsa 186.

"Adada, mukuchita vichi? Simukupuma."

"Ndagwira mpweya."

"Wakuuzani ndani?"

"Achipatala omwe. Mu 1994 pondijambula m'chifuwa anati makina akamagwira ntchito usapume, ungaononge zotsatira. Ine malamulo a boma sindiphwanya."

Wiza anaseka mpaka kutsamira khoma. Mayi Eness anaomba m'manja kamodzi.

"Bambo a Luso, sabata yonseyi mwakhala mukudzinyonga nokha?"

A Chikuse sanaseke nawo. Anamwino awiri, Lolemba ndi Lachitatu, anamanga munthu wotupa nkhope ngati chule, koma panalibe amene anadzutsa mutu kuchoka pa foni.

"Tamverani," anatero Wiza. "Adokotala atseka mndandanda twelofu ikakwana. Ndikupatsani mphindi makumi awiri, kenako tiyezaso komaliza. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, ufike kumimba, osati m'mapewa. Potulutsa chedwani, ngati mukuuzira tiyi wotentha."

"Zimenezo si za zipembedzo zachilendo zija? Ine ndine Mkhristu, mwanawe."

"Nanga mpweyawo anakupatsani ndani, si Mulungu?" anatero mayi Eness. "Pumani, musatichititse manyazi."

Anakhala pa benchi ya panja pa chitseko. Poyamba zinakanika. Mpweya unkathera pakhosi nkubwerera, ndipo mawu a a Boniface ankangobwera m'mutu. Dzina la munthu wina linaitanidwa, kenaka lina. Mindandanda imadzadza, iwo ankadziwa. Anali atanyamula yambiri.

Anayesa kupemphera, koma pemphero lalitali linkawathera mpweya. Ndiye analidula. Pokoka ankati mumtima, "Ambuye Yesu." Potulutsa, "ndili ndi mantha." Sanapemphe kulimba mtima, anangonena zoona. Ulendo wachikhumi anamva mapewa akutsika okha. Anamvanso kuzizira kwa simenti kudzera m'nsapato, ndi chala cha akazi awo chikugogoda pabondo lawo kuwerengera mpweya, monga ankachitira pogoneka mwana wawo Luso ali wakhanda.

Manthawo sanachoke. Anangosendera pang'ono, ngati munthu wokupatsa malo m'minibasi monyinyirika.

"A Chikuse," anaitana Wiza.

Lamba linazungulira mkono, makina nkuyamba kulira. Litafinya, thupi lonse linafuna kugwira mpweya monga mwa chizolowezi. Anaugwiradi kamphindi.

"Adada, tiyi uja."

Anautulutsa. Ambuye Yesu. Ndili ndi mantha. Lamba linafinya kwambiri, nkuima, nkuyamba kumasuka pang'onopang'ono.

"Zingati?" anafunsa, popeza manambalawo sakanatha kuwaona.

"157."

"Ikukwana?"

"Yakwana, koma mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Vulani jekete, muvale gauni iyi. Ndipo pa tebulo paja muzikapumabe, adada, musakatichitireso za 1994."

A Chikuse anapereka jekete ndi chipewa kwa akazi awo. Anakoka mpweya wina wautali, nkugwira mkono wa namwino kulowa.