Madigadi a Galimoto ya Abu Fahad

Overton Kachala anakulira pa msika wa Ndirande, m'shedi momwe bambo ake ankakhoma ndowa, zidebe ndi mbaula. Pofika zaka khumi ndi zisanu, lata linkamumvera ngati dongo. Kenako kunabwera ndowa zapulasitiki zotchipa, makasitomala n'kuyamba kungodutsa. Overton anasiya nyundo, anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo ali ndi zaka makumi anayi anasaina kontirakiti ya ku Doha.

Analembedwa udalaivala kwa Abu Fahad, mkulu wopuma pantchito wa ku Al Duhail. M'galaja ya mkuluyu munali galimoto ziwiri zakale za ku Italy, yofiira ya mu 1951 ndi yoyera ya mu 1968. Lachinayi lililonse Overton ankazipukuta fumbi.

Popukutapo anazindikira kanthu. Yoyera ija mbali zake zinali zofanana ndendende, koma yofiira madigadi akumanzere anali otukuka pang'ono kuposa akumanja. Atapisa dzanja kunsi, zala zake zinagwira timaenje ta nyundo.

"Bwana, iyi anachita kuikhoma pamanja," anatero m'Chingerezi.

Abu Fahad anakoka mpando n'kumufotokozera. Nkhondo yachiwiri itangotha, ku Italy galimoto ngati imeneyi inkatuluka m'fakitale ili injini ndi mafupa okha. Bodi ankakaikhoma amisiri m'timashedi tawo, kumenya aluminiyamu pa chikombole chamatabwa. Ofuna galimoto atachuluka, kunadza makina odinda chitsulo, zitseko mazanamazana zofanana pa tsiku. Mashedi ambiri anatseka, ochepa anasanduka mafakitale.

"Yoyerayo ndi ya makina," anatero mkuluyo. "Yofiirayi, amene anaikhoma anamwalira kalekale."

Chaka chotsatira chimphepo chafumbi chinagwetsera makwerero pa galimoto yofiira, madigadi akumanja n'kuphwanyika. Kugalaja ya ku Industrial Area anangopukusa mitu. "Mafi sipeya," anatero kapitawo wa kumeneko, kutanthauza kuti sipeya palibe. Anati angomata phala lokwirira zibonyongo pamwamba n'kupenta.

"Bwana, musalole," anatero Overton pobwerera. "Ndipatseni ineyo."

"Iwe ndiwe dalaivala."

"Ndipatseni masiku atatu ndi thireyi yakale ya kukhitchini."

Anadzaza mchenga m'thumba lachikopa, anasema nyundo kuchokera ku mwendo wa tebulo lothyoka, n'kuyamba kumenya thireyi ija. Tsiku lachitatu anaigoneka pa madigadi osaphwanyika aja, ndipo inakwana ndendende, osasiya mpata ngakhale wolowa pepala. Abu Fahad anazungulira galimotoyo kawiri.

"Khalasi," anatero m'Chiarabu, kutanthauza kuti basi. "Yamba mawa."

Ntchitoyo inatenga masabata atatu. Ankayamba m'mamawa dzuwa lisanapse, kutenthetsa chitsulo pang'ono kuti chifewe, kumenya, kusisita ndi chikhatho, kumenyanso. Malo ena anathamanga, aluminiyamu n'kung'ambika kamng'alu kotalika ngati chala. Sanabise. Anaitana bwana wake, anamuonetsa, anapita ndi chitsulocho kukawotcherera, ndipo kuyambira pamenepo ankamenya mofatsa. Atapenta, palibe amene ankatha kuloza pamene panagwera makwerero.

Anzake a Abu Fahad anayamba kubwera ndi galimoto zawo. Tsopano Overton amayendetsa masiku atatu pa sabata, ena onse amakhala ndi nyundo.

Lachisanu lina anakacheza ku Umm Ghuwailina kwa Che Amidu, mnzake wa ku Balaka amene amagwira yaulonda pahotela. Che Amidu anali kulongedza chikwama, akupita kutchuthi kumudzi.

"Koma achimwene, simunaope?" anafunsa Che Amidu. "Mukanaiwononga galimoto ija, bwenzi atakukanselani visa tsiku lomwelo."

"Bwanayo ndinkamuopa," anayankha Overton. "Chitsulocho ayi."

Anatulutsa kapepala m'thumba, pamene anajambulapo nyundo zitatu zamitu yosiyana, miyeso yake yonse italembedwa pambali.

"Mukafika ku Limbe mukafunse akalipentala a kuseri kwa depoti. Akaseme ndi mtengo wa tsanya, wouma bwino. Wa kuno ukumangophwanyika."

Che Amidu anapinda kapepalako n'kukaika m'pasipoti.