Magazini Opanda Zikuto a Agogo Mwale

Ndikatsegula kompyuta ya kasitomala kuti ndiikonze, fumbi lake likangondilowa m'mphuno, amene amabwera m'mutu mwanga ndi agogo anga aamuna, a Mwale, ndipo nthawi yomweyo ndimamva fungo la usipa wouma losakanikirana ndi la fodya wopachikidwa m'chigafa. Ndimawaona atakhala pa mpando wawo wa ndalema kumapeto kwa chigafa kwathu ku Chulu, magalasi omangidwa ndi ulusi ali pamphuno, akuwongola pepala lamafutamafuta pabondo ndi chikhatho, pang'onopang'ono kuopa kuling'amba. Pepalalo linali lokulungira ndiwo zathu. Agogo aakazi, a Nabanda, akangotula dengu pochokera kumsika, aamuna awo ankathamangira pepala, za usipawo analibe nazo ntchito.

"A Nabanda, musalinyowetse! Khuthulani bwino, pali nkhani pamenepo."

"Nkhaniyo muidye ndithu, ife tidya usipa," ankayankha choncho agogo aakazi, uku akukutumula pepalalo n'kuwaponyera.

Ine ndinakulira m'manja mwa awiriwa, mayi anga atakwatiwanso ku Kaluluma. Agogo aamuna sanali mlimi, khasu ankaligwira ngati lobwereka. Zaka zawo zamphamvu anathera ku Lilongwe akukonza mataipi, makina aphokoso olembera makalata aja, ofesi ndi ofesi, kachikwama ka zitsulo ndi kabotolo ka oilo m'manja. Makompyuta atalowa m'maofesi, mataipi anaunjikidwa m'makhonde, ndipo iwonso anauzidwa kuti zikomo bambo, kapumeni. Anabwerera kumudzi kwa akazi awo ndi funso limodzi limene linkawasowetsa mtendere. Ankakonda kundiuza kuti, "Tadala, chinthu chimene chinandilanda ntchito ndiyenera kuchidziwa m'mimba mwake."

Koma ku Chulu nkhani za makompyuta ukanazipeza kuti? Pa wailesi zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo agogo ankamvetsera khutu atagunditsa pa sipika, kenako n'kutsonya. "Awa angonena kuti kwabwera foni yojambula zithunzi, basi, aika nyimbo. Ikujambula bwanji? Zii!" Nyuzipepala imene aphunzitsi ankawabwereketsa inkakhala ndi kankhani kamodzi kakang'ono pakona, kotamanda mabwana amene alandira makompyuta, osanena kanthu za makinawo. Tsiku lina anapalasa njinga mpaka ku Kasungu boma kumene anamva kuti kuli malo a intaneti, koma mnyamata wa pamenepo atayang'ana nsapato zawo zafumbi anawauza kuti mipando yonse ili ndi eni ake. Anabwerako madzulo atatopa, osaona kalikonse.

Chimene ankachifunacho chinawapeza chokha, chitakulunga usipa. Che Saidi, mwini golosale yaikulu pamsika wathu, ankagula mapepala akale ku Lilongwe m'mitolo, okulungira mchere, sopo wodula ndi nsomba. M'mtolo wina munali mulu wa magazini achingerezi onena za makompyuta okhaokha. Zikuto zake Che Saidi ankazithothola kaye chifukwa zinali zolimba ndi zoterera, sizinkapindika. M'mphepete mwa masamba munali modyedwa ndi chiswe, ndiye ankasenga monsemo ndi mpeni kuti pepala lioneke laudongo. Chiswe chija mwina chikanatichenjeza, koma kwathu chiswe chimadya ngakhale chitseko chatsopano, ndiye palibe anadabwa.

Agogo atangowerenga tsamba loyamba, anavala jekete n'kupita kugolosale. Anagwirizana kuti iwo aziwakonzera Che Saidi makina osokera ndi sikelo, ndipo Che Saidi aziwasungira masamba onse okhala ndi zithunzi za makompyuta. "Tengani, a Mwale, mchere suwerenga Chingerezi," anatero Che Saidi akuseka.

Kunena zoona, nkhani zake zinali zakuya ndithu, osati zongokanda pamwamba za pa wailesi zija. Olembawo ankamasula makina n'kufotokoza kachidutswa kalikonse, kamene kamawerengera, kamene kamakumbukira, kamene kamasunga zolembedwa ngakhale magetsi atazima. Ankayerekeza makina awa ndi awo, n'kunena abwino koposa. Masana dzuwa likapendeka, agogo aakazi ali pa mtondo kuseri kwa nyumba, utsi wa zitsononkho ukutuluka m'khitchini, nkhunda zikulira padenga, agogo aamuna ankandikhazika pa thumba la mtedza n'kumandiwerengera, akumasulira m'Chichewa chawochawo. Anandijambulira mabatani a zilembo pa katoni ya sopo, ndipo zala zanga zikasochera ankazimenya ndi phesi. Makina a m'zithunzimo ankafanana ndendende ndi aja anawaona m'maofesi asanachotsedwe ntchito, mabokosi otuwa okhala ndi kakamwa kopyapyala kolowetsamo disiki, ndiye analibe chifukwa chokayikira. Pafupifupi tsamba lililonse linkati "atsopano", ndipo agogo ankakhulupirira zolembedwa kuposa zonena za munthu.

Zinali zaka za makuponi a feteleza wa sabuside. Chaka cha m'mbuyo dzina lathu linadumphidwa, ndipo tinakolola zochepa. Chaka chotsatiracho a Nabanda anakhala padzuwa pabwalo la sukulu kuyambira m'mawa mpaka dzina lawo litaitanidwa, n'kubwera ndi makuponi a feteleza wokulitsa ndi wobereketsa atawamanga pa mfundo ya chitenje, akuimba nyimbo ya kwaya njira yonse. Munda wathu unali wotopa, wamchenga, wodzaza kaufiti. Popanda feteleza sunkabala kanthu, ndipo zimenezi ngakhale ine mwana wa Sitandade 8 ndinkazidziwa. Kumalo ogulitsira a pafupi feteleza anali atatha, choncho agogo aakazi anamasula mfundo ija n'kupereka makuponi kwa amuna awo kuti akaombole ku boma.

Agogo aamuna anabwerako tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo, akukankha njinga, pakaliyala pali katundu wokutidwa ndi bulangete. Ndinathamanga kukawachingamira. Katunduyo anali ndi makona, ndipo thumba la feteleza silikhala ndi makona.

"Feteleza ali kuti?" anafunsa agogo aakazi.

Agogo aamuna anavundukula bulangete nkhope ikuwala. Linali bokosi lotuwa lija la m'chithunzi, ndi galasi lake lalikulu lotupa kumbuyo, ndi mabatani enieni. Anati analiona pa benchi ya mnyamata wina wokonza mafoni amenenso ankagula makuponi mwakabisira, ndipo atamuonetsa tsamba la magazini, mnyamatayo anawauza kuti, "Madala, muli ndi diso. Yatsala imeneyi yokha." Anasinthana pomwepo.

"A Nabanda, feteleza ndi wa chaka chimodzi. Ichi ndi cha moyo wonse wa Tadala."

Agogo aakazi sanakalipe. Anangokhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo atatambasula, n'kuyang'ana mitambo imene inali itayamba kale kuda cha kumadzulo. "Mvula yafika, a Mwale," anatero.

Kwathu kunalibe magetsi, ndiye tsiku la msika tinanyamula makinawo kupita kwa wometa tsitsi amene anali ndi jenereta. Anthu anadzaza pakhomo mpaka pawindo. Ndipo kompyutayo inayaka! Inalira ngati njuchi m'chitini, galasi lakuda linatulutsa tizilembo toyera, ndipo agogo anakhala pansi, nakonza jekete, n'kulemba dzina langa ndi zala zonse osayang'ana mabatani. Amayi ena analulutira. Sindinawaonepo agogo atatalika ngati tsiku limenelo.

M'gulumo munali a Kamanga, mphunzitsi wachinyamata amene anali atangofika kumene pa sekondale yoyendera kuchokera ku koleji, kafulashi kosungira zinthu za pa kompyuta kakulendewera pachifuwa pa chingwe. Anali munthu waulemu. Anati ali ndi mabuku a masamu ndi sayansi m'kafulashimo, andiikire kuti ndiziwerenga. Anayang'ana kutsogolo kwa bokosi, analitembenuza, anagwada n'kusuzumira kumbuyo, anasisita ndi chala paliponse. Kenako anadzuka akudzikuntha fumbi m'mabondo, ndipo anatsitsa mawu.

"Agogo, pepani. Muno mulibe polowetsa chilichonse cha masiku ano. Intaneti singalowemo, ndipo madisiki ake aakulu aja sapezekanso."

"Iyayi, aphunzitsi, mwina simunaimvetse," anatero agogo. Anatulutsa tsamba lija m'thumba la jekete, lonunkha usipa, n'kuloza ndi chala. "Werengani apa. Akuti yatsopano, yothamanga kuposa onse."

A Kamanga anawerenga, anatembenuza tsambalo, anayang'ana pansi pamene panasengedwa ndi mpeni. "Magazini yake ndi ya liti, agogo?"

Funso limeneli palibe amene anali atalifunsapo. Jenereta inkangolira. Che Saidi, amene anaima pakhomo, anakanda ndevu n'kunena kuti zikuto zonse ankapatsa Mayi Nachisale a tiyirumu, ankamata kukhoma kuti pakongole.

Tinapita, agogo patsogolo, ine pambuyo, anthu ena akutitsatira. Tiyirumu imeneyo agogo anali atamwamo tiyi kambirimbiri atafulatira khoma lomwelo. Zikutozo zinali zitada ndi utsi wa mbaula ndi ndowe za ntchentche, ndipo pa chimodzi panali chithunzi cha bokosi lathu lenilenilo. Agogo ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu n'kupukuta pakona. Mwezi ndi chaka zinaoneka bwinobwino. Magazini ija inasindikizidwa mayi anga asanakwatiwe n'komwe, ine ndisanaganiziridwe. Anayang'ana zikuto zinazo chimodzichimodzi, zonse zinali za nthawi yomweyo. Anavula magalasi, n'kuwapinda, n'kutuluka.

M'mawa mwake anabwerera ku boma ndi katundu uja pa njinga. Mnyamata uja anawaseka pamaso pa anzake, n'kuwauza kuti makinawo anawatola pa mulu wa zotayidwa kuseri kwa ofesi ina, ndipo ngati akufuna akanene kupolisi kuti anagulitsa makuponi. Agogo anabwerera nawo kunyumba makinawo, chifukwa akanawasiya kuti?

Chimanga chathu chaka chimenecho chinangofika m'chiuno, chachikasu, chonyozoloka, pamene cha anzathu tsidya la njira chinali chobiriwira bii. Chakudya cha chaka chatha chinatha mvula ili pakati, ndipo m'nkhokwe simunalowe kanthu koti n'kutchula. Agogo aakazi, mayi wachikulire wa mawondo otupa, anayamba ganyu yosoka fodya ku esiteti ina, akubwera manja ali bii ndi phula la fodya, atasenza kathumba ka madeya. Masiku ena inenso ndinkajomba kusukulu kukawathandiza, ine amene makinawo anagulidwira kuti ndiphunzire. Tsiku lina agogo aamuna atafunsa mwaulemu ngati kwatsalako kanthu m'mbale, a Nabanda anayankha osawayang'ana, "Kazingani kompyuta ija." Anali mawu okhawo owawa amene ndinawamva kwa iwo, koma anakwanira.

Agogo aamuna anasiya kuwerenga. Madoda a m'mudzi akabwera kudzacheza, iwo ankatenga masamba aja amene kale sankalola ngakhale mwana kuwakhudza, n'kumawang'ambira kuti apichire chingambwe. Ndinkaona zithunzi za makina zikupsa pamilomo ya anthu. Bokosi lija analimasula, natayira zam'kati kudzala, ndipo nkhuku ya agogo aakazi inayamba kuikiramo mazira.

Anthu a m'mudzi ankati a Mwale anapusa. Ine zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero. Munthu uja sanapuse. Anafuna kudziwa, anafunafuna ndi mtima wonse, ndipo zambiri zimene anandiphunzitsa pa katoni ija ndinakazipeza zili zoona ku koleji. Amene ndimakwiya nawo ndi mnyamata wa pa benchi uja, ndi wa pa intaneti amene anawaona nsapato, ndiponso dziko ili limene kwa anthu a kumudzi limangotumiza zotsala, zovala zotsala, mankhwala otsala, mpaka nkhani zotsala zochotsedwa tsiku.

Nditayamba ntchito yokonza makompyuta ku Lilongwe, a Nabanda anali atatisiya kale, ndipo agogo aamuna maso anali atachita ng'ala. Ndinapita kukawaona ndi foni yanga, n'kuwapeza pa mpando womwe uja wa ndalema, chigafa chitagwa mbali imodzi. Ndinawauza kuti tsopano ndapeza malo pa intaneti kumene akatswiri amamasula makina n'kufotokoza zam'kati, monga ankafunira iwo, ndipo ndikufuna ndiwawerengere.

"Yamba wandiuza tsiku lake," anatero.

"Ya lero lomwe, agogo. Yalembedwa m'mawa uno."

Anasisita bondo ndi chikhatho ngati pali pepala.

"Nthawi ija zinaliponso, za tsiku lomwelo?"

"Zinalipo, agogo."

"Kungoti sizinkafika kuno." Anagwedeza mutu. "Werenga, mwana wanga. Maso anadikira mpaka anatopa."

Ndinawerenga, ndipo iwo anamvetsera mpaka kumapeto. Chaka chomwecho tinawaika.

Masiku ano anyamata a kuntchito akandifunsa kumene angapeze nkhani zozama za makompyuta, ndimawauza malo ake, koma ndimayamba ndi kuwauza kuti asanawerenge mutu wa nkhani ayang'ane tsiku, ndipo ngati palibe tsiku atseke. Amandiseka, amati asisi Tadala ndi wovuta. Posachedwapa ndinaitanidwa kukalumikiza makompyuta amene bungwe lina linapereka pa sukulu ina kufupi ndi kwathu. Kunali nyimbo, magule ndi malankhulidwe, makolo atavala zovala za kutchalitchi. Ine ndinatembenuza bokosi loyamba n'kupukuta kumbuyo ndi chala chachikulu mpaka chaka chinaoneka. Bokosilo linali ndi zaka zambiri kuposa ana amene anafola kuti aligwiritse ntchito. Anthu onse anaomba m'manja, koma manja anga anakana.