Ndodo za a Tembo

Ndikakumbukira a Tembo, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la tiyi wa jinja ndi mafuta opaka m'mawondo, m'makutu n'kumamveka ndodo ziwiri zikugunda thaulo lopindidwa pa tebulo. Tinkakhala moyang'anana makomo m'nyumba ina yosanja ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja. Ine ndinali nditangofika kuchokera ku Dedza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mayi akapita kosamalira okalamba ankandisiya kwa agogo amenewa, a ku Chipata, omwe ankakhala ndi mwana wawo wamkazi.

Ali mnyamata ankaimba ng'oma yaing'ono m'bandi yoguba ya tchalitchi chakwawo. Kuno ng'oma analibe, poti oyandikana nawo sakanalola phokoso, choncho thaulo lija ndilo linali ng'oma yathu. Chipale chofewa chikamawaza pawindo, ankandigwiritsa ndodo, n'kumandiwongola zala ndi manja awo. Tikatopa nazo tinkaguba m'khonde kuchokera pachikepe chokwerera m'mwamba mpaka pakhomo lotayira zinyalala, iwo atavala masilipasi, chifuwa chili patsogolo.

"Mwendo uyambe, Tadala," ankatero. "Dzanja lizingotsatira."

Ndili kusekondale anabwerera ku Chipata. Ankati mafupa awo atopa ndi kuzizira.

Nditalowa yunivesite ku Hamilton ndinamva kuti bandi yoguba ikuyesa ofuna kulowa m'gulu la ng'oma. Ndinapita ndi ndodo zimene anandisiyira, mtima uli pa ng'oma yaing'ono basi. Anzanga pamzere anali ataphunzira kusukulu za nyimbo. Atandiikira pepala la manotsi a nyimbo patsogolo, ndinangoliyang'ana thukuta lili kamukamu, chifukwa a Tembo ankaphunzitsa ndi pakamwa pokha. Ndinasokoneza kawiri, kachitatu ndinaleka pakati. Koma titatuluka pabwalo kukaguba, ena miyendo inkawasemphana ndi manja, pamene ine phazi silinaphonye ngakhale kamodzi. Mtsikana wotsogolera gululo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti anditenga, koma pa ng'oma yaikulu.

A Tembo ndinawaimbira foni mawa lake ndili ndi manyazi. Ndinawauza kuti ndalephera, andiponya kumbuyo kwa mzere. Chapatali ndinkamva nkhuku ndi wailesi.

"Akupatsa yaikulu?" anafunsa. "Ine ndinaipempha mpaka ndinamera ndevu, sanandipatse. Imeneyo amapatsa munthu amene gulu lonse lingamukhulupirire ndi miyendo yawo."

Kenako anapempha kuti aimve. Tsiku loyeserera ndinaika foni pa udzu, ife n'kudutsa pafupi tikuguba, koma pokaitola ndinapeza inaduka kalekale. Ndinalonjeza kuti ndiwatumizira kanema wa tsiku loyamba kuvala yunifomu. Uthenga wa maliro awo unafika kutatsala milungu iwiri kuti tsikulo likwane.

Ndinaguba ndi gulu lija zaka zinayi, ndipo manotsi ndinawaphunzira bwinobwino. Lero ndimagwira ntchito ku Brampton, ng'oma ndinabweza kalekale. Chimene chinatsala ndi nyimbo imodzi yomwe a Tembo ankaikonda kuposa zonse. Ndimadziwa mbali ya ng'oma yokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale malo amene ankaimika ndodo m'mwamba n'kunena kuti apa malipenga alowe. Sindinawafunse dzina lake, ndipo malipengawo sindinawamvepo. Ndafunsa akuluakulu a ku Chipata kutchalitchi, ndawaombera m'manja kagundidwe kake, onse amangopukusa mitu. Ndikamaiimba ndekha, ndikafika pamalo paja ndimaimabe, n'kuwerenga mpaka kanayi.