Mabotolo Awiri a Amalume

Anali awiri, achitsulo, achikasu, penti itasupuka m'mapewa mwake. Amalume anabwera nawo kuchokera ku Mangochi, kumene ankaperekeza alendo osambira pansi pa madzi ntchito isanawathere. Mkati mwake munali mpweya wopumira. Ine ndinali sitandade 5, mtsikana woonda ngati bango, ndipo mabotolo amenewo anandidyera nyengo yonse yotentha.

Amalume ankafuna kupanga sitima yoyenda pansi pa nyanja ya Chilwa. Lero ndikaganiza ndimagwira pakamwa: nyanja yoti malo ambiri munthu wamtali amangoima, madzi ake ngati phala. Koma nthawi imeneyo sindinkaona chachilendo. Analumikizitsa migolo iwiri kwa owotcherera pa Kachulu, n'kuika galasi la minibasi kutsogolo. Chinatsala n'kulumikiza mabotolo awiriwo ku payipi imodzi yolowa mkati.

Apa ndiye panagona vuto. Kachitsulo koyenera kolumikizira kunalibe. Anapalasa njinga mpaka ku Songani, anabwera ndi ka pampope wa madzi, koma sikanagwire. Anakulunga ndi mphira wa chubu, kenako waya, kenako phula. Ine ndinkapaka thovu la sopo polumikizirapo, dzuwa likuwotcha pankhongo, fungo la matemba oyanika lili m'mphuno. Akangotsegula pang'ono, psiii, thovu n'kufufuma ngati khosi la chule. "Tsekani! Tsekani!" ndinkakuwa, chifukwa kamuvi koonetsa mpweya wotsala kankatsika tsiku lililonse, ndipo kodzazitsa kunalibe. Ndinayesa pampu ya njinga mpaka manja anatuluka matuza. Aphunzitsi atamva anangoti, "Mwanawe, mpweya wa m'menemo ndi wamphamvu kuposa iwe."

Anzanga ankanditcha woyendetsa mgolo. Ndinkapirira, chifukwa pakhomo pa mgolowo amalume sankakwana; wokwana ndinali ine. Tsiku lina ndinawauza amayi monyadira. Sanandikalipire. Anangoika lichero pansi n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene ndinamva mawu ochepa okha: "Achimwene, ndili naye mmodzi yekhayu."

Patapita masiku awiri ndinapaka sopo, amalume anatsegula, ndipo thovu silinagwedezeke. Ndinadumpha, ndinavina. Kenako ndinayang'ana kamuvi. Kanali katagoneratu pansi. Mabotolo onse anali opanda kanthu.

"Wathawa wokha," anatero amalume, maso ali kunyanja.

Ndinalira ndi mkwiyo. Ndinagenda mgolo ndi miyala, ndinawanena kuti sadziwa ntchito, kuti n'chifukwa chake anawachotsa ku Mangochi. Sabata yotsatira anayamba kukwera bwato la eni kukakoka makoka, munthu amene ankalumbira kuti sadzanunkhanso nsomba.

Sindinawalankhule mwezi wathunthu. Sindinkadziwa kuti botolo lotsekedwa bwino silitaya mpweya lokha, kapena kuti munthu angatsegule ndi dzanja lake, n'kulola kuti chithe, chinthu chomaliza chimene chinkamudzutsa m'mawa.