Mzere wa Amuna Owerama pa Bwalo la Ndege

Mwana wanga wachiwiri ndi msilikali wa ndege. Sayendetsa ayi, iye ndi wokonza mainjini, ngakhale kuno aliyense amangoti "uja woulutsa ndege," ndipo ine ndinatopa nako kuwongola anthu. Chaka chimene anamutumiza kudziko lozizira kutsidya kwa nyanja, anabweretsa mkazi wake kuti adzakhale ndi ine kuno kumtunda, kufupi ndi boma la Nsanje, kumene tinasamukira madzi atatilanda malo athu kwa Nyachikadza. Bambo ake anali atatisiya kale. Ndinayamika Mulungu pondipatsa wocheza naye, chifukwa mpongozi wangayo ndi mwana waulemu, wosadikira kutumidwa, ndiponso ndiye anali ndi foni yaikulu yoonetsa nkhope.

Miyezi yoyamba mwana wanga ankaimba Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Tinkakwera pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, pamene netiweki imagwira, ife thukuta lili kamukamu, iye uko atavala chijasi mpaka m'makutu. Ankatiuza zonse. Ankati amadzuka kusanache kukathamanga, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Akatero amalowa m'kalasi ngati ana a sukulu, pamodzi ndi asilikali a mayiko ena. Masana amakhala m'chinyumba chachikulu mosungira ndege, kumasula injini ndi kuimanganso, mphunzitsi ataima kumbuyo osalankhula. Masipanala amawawerenga poyamba ntchito ndi poweruka, ndipo imodzi ikasowa palibe wopita kukadya mpaka ipezeke. Masiku ena amawayatsira moto dala kuti aphunzire kuzimitsa atavala zovala zolemera. Chakudya chake buledi, kachewere, ndi nyama yozizira yodula mopyapyala ngati pepala.

"Amayi, kuno ndalakalaka mlamba wowamba," anatero tsiku lina. "Ngakhale nyika ndikhoza kudya."

"Nyika, timizu ta m'dambo timene unkalira nato uli mwana, kunena kuti tikununkha matope?"

"Yomweyo. Mukaipeza munditumizire pafoni pomwepa."

Tinkaseka, kenako ndinkamupempherera foni ili m'manja mwa mkazi wake, iye atavula chipewa.

Lamlungu lina sanaimbe. Mpongozi wanga anati awatengera ku maphunziro a kutchire ndipo mafoni awalanda. Ndinavomera, poti zinachitikapo kale. Lamlungu lotsatira sanaimbenso. Apo ndinayamba kuyang'ana bwino. Ndinaona kuti mpongozi akupita yekha pachulu, iye amene kale ankandiitana ngakhale ndili kudimba, ndipo akatsika ankayamba wasamba kumaso asanabwere pamene ndakhala. Mbale yake inkabwerera ndi chakudya. Ndikamufunsa ankayankha mofulumira kwambiri, ngati munthu amene yankho walikonzeratu panjira.

Ataona kuti ndasiya kuyankhula, anaganiza zondikhazika mtima pansi. Akazi a asilikali amene anapita limodzi ndi mwana wanga ali ndi gulu lawo pafoni, ndipo wina anali ataikapo chithunzi chochokera kumeneko. Anabwera nacho ndikupeta mapira.

"Amayi, taonani. Abwerako kutchire kuja, onse ali bwino, akugwira ntchito."

Ndinapukuta manja n'kulandira foni. Panali bwalo lalikulu la simenti, ndege ili chapatali. Asilikali anali atandanda mzere umodzi kuchokera mbali ina mpaka mbali ina, phewa ndi phewa, onse mitu pansi, akuyenda chowerama. Mmodzi anali atagwada akutola kanthu. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi ndi chala. Ndinamuona mnzake wamtali uja amene ankakonda kusuzumira pafoni n'kundipatsa moni. Mwana wanga panalibe.

Amuna oyenda motero ndinawaonapo kamodzi kokha m'moyo wanga. Madzi aakulu aja ataphwa, amuna a m'mudzi mwathu anandanda chimodzimodzi, phewa ndi phewa, nsungwi m'manja, n'kumayenda pang'onopang'ono m'matope ndi m'bango, maso pansi. Sankafuna mbuzi kapena mapoto. Ankafuna anthu athu amene sanafike kumsasa wa othawa madzi. Wina akagwada, ife amayi kumtunda tinkadziwa kuti wapeza chitenje kapena nsapato, ndipo tinkagwirana manja. Munthu wa kuchigwa kuno simungamuonetse amuna oyenda mzere atawerama n'kumuuza kuti mtima ukhale m'malo.

Ndinabweza foni.

"Apongozi, akufunafuna chiyani anthuwa?"

"Sindikudziwa, amayi. Kaya ndi ntchito zawo."

"Nanga amuna anu ali pati?"

"Mwina ndiwo anajambula."

Ananena akuyang'ana lichero, osati ine.

Kuno kwathu munthu akamwalira kutali, mayi wake sauzidwa msanga. Uthenga umayamba wafika kwa amuna akuluakulu a pabanja. Iwo amakonza zonse mwakachetechete, ndipo kwa mayi amangoti, "Wadwala pang'ono." Mawa lake amati, "Matenda aja akula." Amayi anzake amayamba kubwera awiriawiri ngati akungodutsa, nkhuni zimawunjikana kuseri kwa nyumba, ndipo mayiyo amadzauzidwa galimoto ya maliro ili pafupi. Timatero pomumvera chisoni, kuti asagwe ali yekha. Ndondomeko imeneyi ndimaidziwa bwino chifukwa nanenso ndinakhalapo pamphasa ya mnzanga amene mwana wake anafera ku Joni, tikumuthandiza kutongola chimanga ndi kucheza za mvula, tonse tikudziwa kupatula iye.

Choncho ndinayamba kuona zonse ndi diso limenelo. Mawa lake m'mawa alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga, anatulukira pa njinga. Iwo sabwera wamba, amakhala kutali ndipo mawondo amawavuta. Anandipatsa moni wautali, kufunsa mbuzi, kufunsa dimba, kenako anati akufuna madzi akumwa n'kutsatira mpongozi kukhitchini. Madzi akumwa sachedwetsa munthu chomwecho. Masana amayi awiri a kumpingo anabwera kuti adzandione poti sindinapite ku mapemphero a pakati pa sabata. Anali anthu abwino, anabwera ndi mtima woyera, koma ine ndinkangoyang'ana m'maso mwawo kufuna kuona ngati alira panjira. Madzulo mnansi wanga anadzatula mtolo wa nkhuni pakhomo, akuti akubweza zimene anabwereka nthawi ya mvula. Ndinati takhuta, kuthokoza kwa kwathu kuno.

Ndinalowa m'nyumba n'kugwada. Sindinapemphe zambiri. Ndinati, Ambuye, munandipatsa mwanayu, munamuwolotsa pa madzi aja ali pamsana pa bambo ake. Ngati mwamutenga, ndipatseni mphamvu, koma musalole kuti ndikhale womaliza kumva.

Kutacha ndinaitana mpongozi ndi alamu, amene anagona konkuno, n'kuwakhazika pansi pa mtengo wa masawu.

"Ine si mwana," ndinatero. "Ndiuzeni."

Anayang'anana. Mpongozi anayamba kulira. Alamu anakonza kukhosi.

"Alamu, musadandaule. Mwanayu wangodwala pang'ono."

Sindinakuwe. Ndinadzuka, ndinalowa m'nyumba, n'kuyamba kutulutsa mipando ndi matumba a mapira pabalaza kuti anthu adzapeze pokhala. Ndinatenga tsache. Mpongozi anandithamangira n'kundigwira mkono.

"Amayi, mukutani? Ali moyo. Ndi chibayo, ali m'chipatala cha asilikali komweko. Anandiletsa kukuuzani chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwanuko."

"Ndamva, apongozi. Mawa mudzandiuza kuti matenda akula. Tandithandizani kunyamula tebuloli."

"Ndikulumbira, amayi."

"Nanenso ndinalumbirapo pamphasa ya mnzanga."

Alamu anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Anayesa kundilankhula mwaukulu, anayesa kundinyengerera, koma mawu alionse amene ankanena anali omwewo amene amanenedwa pa nthawi ngati imeneyo. Iwonso anazindikira zimenezi, chifukwa mapeto ake anangokhala pa thumba la mapira limene ndinatulutsa.

Mpongozi anandimvetsera mawu amene mwamuna wake anamutumizira pafoni, mawu ofooka, akutsokomola. Ndinati mawu amajambulidwa, akhoza kukhala a sabata yatha. Anandionetsa chithunzi chake ali pabedi. Ndinati chithunzi sichipuma. Anapukuta misozi, anakwera pachulu yekha, ndipo ndinamumva akulankhula ndi mnzake wa mwana wanga, wamtali uja, mawu ake atalimba kuposa mmene ndinkamudziwira.

"Achimwene, pemphani chilolezo kwa akuluakulu anu, mupite kuchipatalako ndi foni yanu. Amayi ayamba kusesa nyumba."

Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka, poti mnyamatayo anayenera kuyamba waweruka. Tsiku lonselo sindinalawe kanthu. Foni italira tinakwera pachulu tonse atatu, alamu akukwawa ndi mawondo awo. Nkhope ya mnzake uja inatuluka, akuyenda m'khonde lowala.

"Amayi, mwaswera bwanji? Ndamva kuti mwatiika kale m'manda."

"Musandiseke, mwananga. Tsiku lija munandanda pabwalo mutawerama, munkafunafuna chiyani?"

Anaima kaye, kenako anaseka mpaka foni inagwedezeka.

"Timiyala, amayi. Timiyala, timisomali, tizidutswa ta waya. M'mawa uliwonse ndege zisananyamuke timayenda bwalo lonse kutola. Injini ya ndege imakoka mpweya mwamphamvu, ikameza kamwala kamodzi yawonongeka, ndipo anthu ali m'mwamba akhoza kugwa. Ngakhale abwana amawerama nafe."

"Amuna onsewo kutola miyala?"

"Tsiku lililonse, amayi. Musakauze anthu kumudziko, amatiyesa anthu apamwamba."

Sindinaseke. Ndinati andipatse mwana wanga.

Anakankha chitseko, foni inatembenuka, ndipo ndinamuona. Anali atatsamira mapilo, ataonda, milomo itauma, kachingwe ka diripi kali pamkono. Anakweza dzanja.

"Amayi."

Mtima unafuna kuthamangira, koma ndinaugwira. Mafoni a masiku ano amachita zambiri.

"Ngati ndiwe, ndipo ukundiona panopa, tandiuza ndavala chiyani."

Anasuzumira pafupi.

"Mpango wa kumpingo mwaumanga chokhota. Ndipo kumbuyo kwanuko ndikuona bambo aang'ono akupumira m'mwamba ngati akwera phiri."

Alamu anaseka mokweza. Ine ndinati, "Dzuka. Yenda ndikuone."

"Amayi, ndili ndi diripi."

"Yenda nayo."

Anatsitsa miyendo pang'onopang'ono, anagwira chitsulo chopachikapo botolo, n'kuimirira. Anayenda mpaka pawindo akuchikoka, atavala chimalaya cha kuchipatala chosafika m'mawondo, mnzake akumutsatira ndi foni n'kumamuimbira ngati ali pa perete. Anabwerera n'kukhala pabedi akupuma movutikira. Pamenepo ndi pamene ndinagwada pachulu pomwepo, minga ikundibaya, n'kuyamba kuthokoza Mulungu mokweza, m'Chimang'anja ndi m'Chisena momwe mawu ankabwerera. Mpongozi anagwada pambali panga, foni ataikwezabe m'mwamba kuti netiweki isathawe.

Nditatha ndinafunsa mwana wanga mmene anadwalira. Anati ku maphunziro a kutchire kuja anapitadi. Ankawaphunzitsa zochita ndege ikagwera m'madzi, anawaviika m'dziwe lozizira atavala zonse, ndipo iye pobwerako anabisa chifuwa poopa kutsalira anzake, mpaka anagwa pothamanga m'mawa.

"Mwana wa kwa Nyachikadza kugonja ndi madzi," anatero mnzake uja.

"Madzi a kwathu ndi ofunda, iwe," anayankha mwana wanga, n'kuyamba kutsokomola.

Ndinamuuza kuti mkazi wake wanyamula katundu wolemera yekha chifukwa cha lamulo lake, ndipo amupepese ine ndikumva. Anapepesa. Mpongozi anaseka misozi ili m'masaya.

Titatsika, tinabwezera mipando ndi matumba m'nyumba. Mpongozi anawotcha mbatata, ndipo ndinadya iye akundiyang'ana mpaka ndinamaliza. Alamu anayamba kupopa njinga yawo kuti anyamuke kusanade. Ndinapita pamene anali.

"Alamu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mwanayu adzapitanso kwina, ntchito yake ndi yotero. Tsiku likadzafika, Mulungu aletse, mudzandiuze mwachindunji."

"Aa, alamu, zimenezo sizinenedwa. Inu tikati wadwala muzingokhulupirira."

"Nanga akadzamwalira mudzati chiyani?"

Anapitiriza kupopa tayala lomwe linali litalimba kale, kenako anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kukwera njinga. Ndi munthu wabwino, ndipo ndikudziwa kuti akanadzandinamiza chifukwa cha chikondi. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera ndinauza mpongozi kuti andiphunzitse kuimba ndekha foni yoonetsa nkhope ija. Tinayamba madzulo omwewo, iye atagwira chala changa.