Miphika Yoboola ya Adona

Zaka zimene zinatsatira nkhondo ya Jeremani ndinkagwira ntchito ku nazale ya tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Tinkafesa njere pansi pa zisakasa za udzu, kuthirira, ndi kuzula mbande zikakula kuti zipite kumunda. Ndinali nditaika mkazi wanga dzinja lapitalo, ndipo ntchito yotereyi inkandiyenera, chifukwa munthu ukhoza kutha tsiku lonse osalankhula ndi wina.

Nthawi imeneyo azungu a ku Limbe anayamba kukonda maluwa ndi timitengo ta kanjedza ta m'miphika, toika pamakonde a nyumba zawo. Kwawoko kumauma msanga, pomwe kuno chiperoni chikagwa ngakhale mtengo wozika pampanda umaphuka masamba. Adona, akazi a bwana wathu, anaganiza zobzala maluwawo kuno ndi kumawatumiza pa sitima ya ku Luchenza kukagulitsa. Anatenga mbali imodzi ya nazale, nandiika ine kuti ndiziyang'anira.

Chinavuta ndi miphika. Zitini za palafini ogula ankazinyoza. Adona ankafuna miphika yadothi, koma yoboola pansi kuti madzi azituluka. Anatuma akapitawo athu kwa amayi oumba a m'midzi, ndipo amayiwo anakana onse. Kwathu mphika subooledwa mwini wake ali moyo. Munthu akamwalira, abale amatenga umene ankaphikira, kuuboola pansi, ndi kuuvundikira pa mtumbira wake. Kuumba woboola dala kunali ngati kuitanira maliro pakhomo. Adona sanamve zimenezo. Ankakalipira akapitawo m'mawa uliwonse, mpaka anawauza kuti akalephera aika wina pamalo pawo.

Akapitawowa anali a mpingo wathu, munthu wanthabwala, wa ana ambiri, ndipo nyumba yawo inali pa malo a esiteti. Tsiku lina anafika ndi ngolo yodzaza miphika yakale, yokutidwa ndi matope ndi ndere, pamodzi ndi matumba a dothi lakuda.

"Mwaipeza kuti, akapitawo?" ndinafunsa.

"Kumabwinja, achimwene, cha ku Changata uko. Eni ake anasamuka kalekale."

"Nanga mabowowa?"

"Ndaboola ndekha ndi msomali. Kodi inu akulu a mpingo mumaopanso miphika? Lamulungu muzidzatiphunzitsa chiyani?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Sindifulumira kutcha munthu wabodza. Dothilo linali labwino kuposa lililonse limene ndinagwirapo, lofewa, lonunkha masamba owola. Ndinalisefa ndi manja anga, ndinalithira m'miphika, ndipo maluwa anakula mosangalatsa. Ndinkawathirira ndikuimba nyimbo za Mulungu chapansipansi.

Tsiku lopakira litafika, adona analamula kuti tipukute mphika uliwonse ndi nsanza yonyowa kuti ukaoneke bwino kwa ogula. Ngolo inali itaima kale pamsewu, ng'ombe zili m'goli. Ndinanyamula mphika wina wa duwa lofiira ndi kuyamba kuchotsa ndere. Pakhosi pake panatuluka mizere yolembedwa ndi chitsononkho, yopendekera kumanzere, chifukwa woumbayo anali wamanzere. Ndinautembenuza. Pamlomo panali pobenthuka, pamene ine ndinagundapo ndi mpini wa khasu chaka chathu choyamba m'banja, mkazi wanga nandiseka kuti ndine mkamwini wowononga katundu wa eni.

Unali mphika wa mkazi wanga. Ndinakhala pansi m'matope, mphika uli pamiyendo. Ndinayang'ana mizere yonse ya maluwa ija, yofiira, yoyera, timitengo ta kanjedza, ndipo ndinazindikira kuti uliwonse unali ndi mwini wake.

Ndinene zoona, pa maliro paja ine sindinafune za mphikazi. Ndinati ndife Akhristu, mkazi wanga ali m'manja mwa Ambuye. Koma apongozi anga anauboola okha akulira, ndipo ndinawasiya, poti mwana anali wawo. Mpaka lero ndikudziwa kuti mkazi wanga sanali mumphikamo. Komabe sindinaubwezere pamzere wa inzake.

Akapitawo anandipeza ndili chikhalire.

"Achimwene, ngolo ikudikira. Mwayamba kulera miphika ngati khanda?"

Ndinawaonetsa pobenthuka paja. "Uwu ndi wa mayi a kunyumba kwanga."

Nthabwala zinawathera. Anayang'ana uku ndi uku, nagwada pafupi nane.

"Sindinadziwe kuti ndi wa alamu. Ndithu, sindinadziwe. Ndinangotola yonse."

"Mukanadziwa mukanausiya, n'kutenga wa anzawo?"

Anayang'ana ku ngolo kuja. Kenaka anati, "Pepani, musandiphetse. Midzi ikamva, ine ndi ana ndilowera kuti? Upakireni, achimwene. Ndi dothi chabe, si inu nomwe mumatero?"

Ndinadzuka ndi kupita kwa adona, amene anaima pa ngolo ndi ambulera. Sindinali nditalankhulapo nawo popanda kufunsidwa. Ndinavula chipewa, ndinawauza pang'onopang'ono, poti chinyanja chawo chinali chochepa, kuti mphika uwu ndi wa pa manda a mkazi wanga, ndi kuti yonse yoboolayi ndi ya kumanda. Dzina la akapitawo sindinalitchule, ndipo iwo sanafunse.

Adona anagwira pakamwa. Nkhope inawayera, ndipo anachotsa msanga dzanja lawo pa mphika umene anatsamira. Ndinaganiza kuti alamula kuti titsitse yonse. Koma anayang'ana dzuwa, poti sitima siidikira munthu.

"Tenga wako," anatero. "Pepani kwambiri. Pita nawo."

"Nanga inayi, dona?"

"Inayi anthu aitanitsa kale."

Anakodola woyendetsa ngolo, ndipo ng'ombe zinanyamuka. Ndinaima pamsewu ndikuona maluwa akugwedezeka, mpaka anakhota pa minda ya tiyi. Ndinali ndisanaonepo munthu akumva chisoni chenicheni n'kupitiriza chomwecho.

Ndinanyamula mphika wanga paphewa, duwa lili momwemo, ndi kulowera kumanda. Manda athu anali mu kankhalango kamene kanatsala pakati pa minda, pamene nkhwangwa siinaloledwe. Mwambo wake munthu sulowamo wekha popanda maliro, n'chifukwa chake ndinali ndisanapondemo chiikire mkazi wanga, ndipo palibenso wina wa m'mudzi amene anaona kanthu. Tsiku limenelo sindinapemphe chilolezo kwa aliyense.

Nditalowa ndinaima. Panalibe mphika ngakhale umodzi, ndipo zimenezo ndinkaziyembekezera. Chimene sindinayembekezere ndi mitumbira. Inali yopalidwa ndi makasu, yonse, mpaka kuoneka dothi lofiira la pansi. Masamba owola ndi dothi lakuda lija zinali zitakokoledwa. Mpamene ndinadziwa chimene ndinkasefa ndi manja anga masiku onse aja ndikuimba.

Popanda miphika ndi mitumbira, manda onse anafanana. Ndinazungulira nthawi yaitali. Ndinkakumbuka kuti tinamuika pafupi ndi mtengo wa mbawa, kumunsi kwake, koma pamenepo panali malo awiri oyandikana, ndipo sindinathe kusiyanitsa a mkazi wanga ndi a mayi wina amene anamwalira mwezi womwewo.

Ndinagwada pakati pawo. Ndinazula duwa lija, mizu yake inali itatulukira pa bowo, ndipo ndinachita kuidula ndi chikhadabo. Dothi la mumphikamo ndinaligawa pawiri, theka uku theka uku. Mphikawo ndinauvundikira pakati, mlomo wake ukukhudza mbali zonse ziwiri. Ndinafuna kupemphera, koma mawu sanabwere, ndipo ndinangokhala pomwepo mpaka maondo anachita dzanzi.