Zimene ndinayankhula kumsana kwa a Sajeni

Ndimakumbukira msana wa malaya a khaki, fungo la thukuta ndi sopo, ndi chitenje cha amayi chimene anandimangira nacho kumsanako kuti ndisagwe pa njinga. Zina zonse za tsikulo ndinachita kuuzidwa.

Inali nyengo yopuntha mawere kwathu ku Chisenga, mphepo ya ku Mafinga ikung'amba milomo, pamene chikuku chinalowa pasukulu pathu. Anzanga anatuluka zidzolo n'kuchira, nabwerera ku mpira wa masanza. Ine zidzolo zitayamba kufota, mutu unandigwira, thupi linatenthanso, kenaka ndinayamba kukomoka ndi kubwebweta. Ndinali mwana wosayang'ana wamkulu kumaso, wosesa kalasi ndisanatumidwe, koma akuti masiku amenewo pakamwa panga sipankatsekeka.

Njinga yolimba m'dera lonselo inali ya a Sajeni, wapolisi wa pamalire wochokera ku Mulanje, amene "monire" wawo, moni wa kwathu, ankamveka Chichewa. Tinkawaopa. Abambo ankamvera wailesi ya ku Tanzania, ija inkanyoza boma lathu, ndipo ankaibisa m'nkhokwe ya mawere. Anthu ankatengedwa osabweranso pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi. Komabe abambo anakagogoda kwa a Sajeni, poti ndinali kufa.

Tili m'njira, abambo akuthamanga pambuyo atagwira kaliyala, ndinaulula zonse m'khutu mwa wapolisiyo: kumene wailesi imagona, nthawi imene imatsegulidwa, mpaka nyimbo yake ndinaiimba. Kuchipatala anati kachilombo ka chikuku kanakwera ku ubongo n'kuutupitsa, ndipo wodwala wotere sadziwa chimene akunena. A Sajeni anangopukuta dovu langa paphewa pawo n'kuuza abambo kuti, "Dada, ine ndamva matenda okha."

Ndinachira, ngakhale khutu lakumanzere linagontha. Mlongo wanga ndiye anandinong'oneza nkhaniyi tikuwotha dzuwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo manyazi anandifooketsa kuposa matenda aja. Palibe anandikalipira. Abambo anakaponya wailesi mumtsinje, ndipo chilimwe chonse galimoto ikalira patali ankasiya khasu n'kuima chilili, poganiza kuti yabwera kudzawatenga. Ine ndinkawatenthetsera madzi osamba, ndi kuwapukutira nsapato za kutchalitchi zimene zinali zoyera kale, kupepesa mawu amene sindinkawakumbukira n'komwe.

Galimotoyo sinabwere. Lero ndikudziwa kuti mwana wotupa ubongo alibe mlandu, koma kudziwa kumeneko kunachedwa. Ndikawaona a Sajeni panjira ndinkakhotera m'munda, mpaka anasamutsidwa ndisanawauze "yewo", zikomo wa kwathu. Munthu amene anapulumutsa ine ndi abambo tsiku limodzi ndimamudziwa msana wokha.